Zoyenera kukonza munthu amene wapatsidwa unzika wa Malawi asanapite kunja

Munthu wochokera kunja akapatsidwa unzika wa dziko lino amalandira satifiketi kudzera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno ya Immigration. Satifiketiyi ndi umboni wakuti nduna yoona za chitetezo cha m'dziko yavomera pempho lake, koma payokha siisintha zomwe zidalembedwa kale m'mabuku a maofesi ena. Ku kalembera, ku misonkho, ku banki ndi ku ofesi ya za malo munthuyo amaonekabe mlendo kufikira atapita yekha kukasinthitsa.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri boma la Mzimba. Madera a kumwera kwa bomali monga Jenda, Embangweni ndi Edingeni ali pafupi ndi malire a boma la Lundazi m'dziko la Zambia, ndipo anthu a mbali ziwirizi amakwatirana, kugulitsana malonda ndi kuyenderana pa maliro, ena podzera pa chipata cha Mqocha. Mzimba ndi bomanso lodziwika ndi maulendo a ku Joni kuyambira nthawi ya Wenela, yomwe boma lidaimitsa m'chaka cha 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha anthu a ku Malawi oposa 70 ochokera ku migodi. Masiku ano anthu amapita okha pa basi. Motero sizachilendo kuti mayi wa ku Lundazi amene adakwatiwa ku Embangweni, atakhala zaka zambiri nkupatsidwa unzika, afune kutsatira mwamuna wake ku Johannesburg.

Lamulo loyendetsera nkhanizi ndi la unzika la m'chaka cha 1966. Mlendo wopempha unzika amayenera kukhala atakhala m'dziko muno zaka 7, wa khalidwe labwino, wotha kudzisamala pa chuma, wodziwa Chingerezi kapena chiyankhulo cha kuno chovomerezeka, komanso wokonzeka kusiya unzika wa dziko lake lakale. Ogwira ntchito m'boma asasokoneze munthu wotereyu ndi mwana wobadwira ku Zambia, Zimbabwe kapena South Africa amene kholo lake ndi nzika yobadwira kuno. Mwana wotero ndi nzika kale kudzera mwa kholo, ndipo chomwe amafuna ndi umboni chabe.

Ofesi yoyamba kupitako ndi ya bungwe loona za kalembera la National Registration Bureau, NRB, yomwe ku Mzimba imapezeka pa boma pa maofesi a bwanamkubwa. Bungweli limagwira ntchito potsatira lamulo la kalembera la 2010, ndipo pa kalembera wamkulu wa m'chaka cha 2017 lidalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Alendo okhala kuno movomerezeka amapatsidwa chitupa chawochawo, chosiyana ndi cha nzika. Wopatsidwa unzika apite ndi satifiketi yake ndi chitupa chakalecho kuti mbiri yake isinthidwe. Kulembetsa mwatsopano ngati munthu amene sadalembetsepo ndi kulakwa, chifukwa zidindo za zala zake zili kale m'makina, ndipo munthu mmodzi akapezeka kawiri ntchito yonse imaima mpaka nkhaniyo itafufuzidwa.

Pamenepa mpofunika kudekha pa kalembedwe ka dzina. M'chigawo chino dzina limodzi limalembedwa njira ziwiri: Jere ndi Jele, Chirwa ndi Chilwa. Mayi amene kumudzi aliyense amamutcha NyaJere akhoza kupeza kuti dzina laulemuli ndi lomwe lidalowa m'kaundula wa tchalitchi kapena wa chipatala, pomwe chitupa chake cha ku Zambia chili ndi dzina lina. Tsiku lobadwa nalo limasiyana kawirikawiri, makamaka kwa amene adangoyerekeza chaka. Ali kuno, munthu akhoza kupita kwa mfumu, kwa bwanamkubwa kapena kukalumbira pamaso pa woweruza milandu, nkhani nkutha m'masiku owerengeka. Ali ku Pretoria, chilembo chimodzi chomwecho chikhoza kumutayitsa miyezi. Mlembi amene amawerengera mwini chitupa dzina lake mokweza asanalitumize amapulumutsa anthu ambiri kuposa momwe iye amaganizira.

Pasipoti imabwera pambuyo pa chitupa, popeza nthambi ya Immigration imadalira zomwe zili ku NRB. Anthu a ku Mzimba amathandizidwa ku ofesi ya chigawo cha kumpoto ku Mzuzu, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera pa boma. Si nzeru kugula tikiti pasipoti isanatuluke; kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo makina atasokonezedwa, ndipo maulendo a anthu ambiri adalephereka. Pasipoti ya dziko lakale asayenderenso ngakhale masiku ake asadathe.

Zina zotsatira nzosavuta chitupa chikakhala m'manja: mbiri ya msonkho ku Malawi Revenue Authority, laisensi yoyendetsera galimoto, akaunti ya ku banki, nambala ya foni ndi thumba la penshoni. Za malo zokha nzofunika kuziganizira mofatsa, chifukwa malamulo a malo a 2016, omwe adasinthidwanso mu 2022, amasiyanitsa nzika ndi mlendo. Amene ali ndi malo a lizi akadziwitse ofesi ya za malo ku Mzuzu asanachoke.

Ana ndiwo amaiwalika. Kubadwira m'Malawi pakokha sikupatsa mwana unzika ngati makolo onse awiri adali alendo pa nthawi yomwe ankabadwa. Kholo likapatsidwa unzika liyenera kupemphanso kuti ana ake aang'ono alembedwe kukhala nzika, ndi kuwatengera zikalata za kubadwa ku NRB.

Chachikulu pa zonse, chomwe ambiri sachidziwa, nchakuti unzika wopatsidwa ukhoza kulandidwa. Lamulo la 1966 limapatsa nduna mphamvu yochotsa unzika wa munthu wotere ngati wakhala kunja zaka 7 zotsatizana, osagwira ntchito ya boma la Malawi, komanso osalembetsa chaka ndi chaka ku ofesi ya kazembe kuti akufuna kusunga unzika wake. Nzika yobadwa nawo unzika ilibe udindo umenewu. Kwa wopita ku South Africa, maofesi a dziko lino ali ku Pretoria ndi ku Johannesburg, ndipo ndi bwino kusunga umboni wa kalata iliyonse yomwe wapereka. Zaka 7 zimaoneka zambiri munthu akamakwera basi pa Jenda, koma m'midzi ya Mzimba muli mabanja ochuluka omwe abale awo adapitirira pamenepo osabwera.

Ena amaganiza kuti vutoli lidatha pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza unzika wa maiko awiri mu December 2018. Kusinthaku kudapereka mwayiwo kwa nzika zobadwira kuno ndi zotengera unzika kwa makolo, kuphatikizapo amene adautaya kale potenga wa dziko lina ndipo akufuna kuubwezeretsa. Wopatsidwa unzika pochita kupempha sali m'gulu limeneli. Iye adasiya kale unzika wa kwawo, choncho akataya wa Malawi akhoza kutsala wopanda dziko, pokhapokha dziko lakalelo litavomera kumulandiranso. Maofesala a kalembera, a Immigration ndi alembi a mafumu m'dera la khonsolo ya M'mbelwa ayenera kufotokozera munthuyo mfundo imeneyi pa tsiku lomwe akumusinthira chitupa.