Muyeso wa Kafukufuku wa Mphunzitsi ku Gombe la Lago

Kafukufuku wa mphunzitsi ndi ntchito yofufuza mwadongosolo zochitika m'kalasi ndi m'mudzi wozungulira sukulu, yochitidwa ndi mwini kalasiyo kuti aphunzitse bwino. Dzinali ndi laposachedwa, koma m'boma la Lago, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, mchitidwewu unabadwa limodzi ndi sukulu zoyamba. Chimene chakhala chikusintha ndi munthu woyesa ntchitoyo komanso muyeso wake.

Sukulu zoyamba pagombeli zinali za mishoni ya Anglican ya UMCA. William Percival Johnson anafika kunyanja mu 1882 pamodzi ndi Charles Janson, amene anamwalira ku Chia chaka chomwecho. Sitima yotchedwa dzina la Janson inayamba kuyenda mu 1885, ndipo ya Chauncy Maples inatsatira mu 1901, ili ndi malo ophunzitsiramo aphunzitsi. Cha m'ma 1900 koleji ya St Michael's inali kusula aphunzitsi ku Cóbuè, isanasamukire ku Likoma. Mphunzitsi wa kumudzi ankakhala yekha masabata ambiri, akudziwira yekha nthawi imene ana amathawira ku usodzi ndi mawu a Chinyanja amene amamveketsa phunziro. Sitima ikakocheza, wansembe ankafunsa ana mafunso ndi kuwawerengetsa. Muyeso unali zipatso: ngati ana akuwerenga, ndiye kuti njira ya mphunzitsi ndi yabwino. Mmene iye anaipezera njirayo sizinkafunsidwa kwenikweni.

Muyeso wachiwiri unadza ndi mabuku. Augustine Ambali, amene anaomboledwa ku ukapolo, naphunzira ku Zanzibar, anatumikira zaka zambiri ku Messumba monga mphunzitsi ndi wansembe, ndipo analemba zimene anaona m'buku la Thirty Years in Nyasaland. Yohana Barnaba Abdallah, wansembe wa ku Unango kumapiri, anafunsa akuluakulu a Chiyao mbiri ya makolo awo, ndipo buku lake la Chiikala cha Wayao linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Johnson naye anatulutsa miyambi ya Chinyanja mu 1922. Zolemba zotere zili ndi mphamvu ya munthu wodziwa chilankhulo, wokhala ndi anthu tsiku ndi tsiku. Zilinso ndi kufooka kwake, chifukwa wolembayo anali ndi mbali: ankatumikira mishoni. N'chifukwa chake odziwa mbiri amafunsa kuti wolemba anamva kwa yani, anali pa udindo wanji, ndipo mboni zina zikuti chiyani.

Kampani ya Niassa itasiya kulamulira derali mu 1929, boma la Apwitikizi linaumiriza Chipwitikizi m'sukulu, ndipo mgwirizano wa 1940 ndi Vatican unapereka maphunziro a ana achikuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Messumba inapitiriza kuphunzitsa, koma zimene mphunzitsi ankadziwa za chilankhulo cha ana zinalibe malo pa mayeso a boma. Nkhondo ya ufulu, imene inafika pagombeli mu 1964, inabalalitsa midzi ndi sukulu zomwe.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, sukulu zonse zinapita m'manja mwa boma, ndipo muyeso wachitatu unakhazikika: wa aphunzitsi anzake. Sukulu zoyandikana zinaikidwa m'magulu otchedwa ZIP, momwe aphunzitsi amakumana kukonza maphunziro ndi kukambirana zovuta za m'kalasi. Chaka chomwecho ku Britain, Lawrence Stenhouse anali kuphunzitsa kuti mphunzitsi akhale wofufuza, ndi kuti kufufuza kwake kukhale kwadongosolo ndi koonekera kwa ena kuti akuunike.

Muyeso wachinayi ndi wa mudzi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo pambuyo pake maphunziro a zilankhulo ziwiri anafika ku Niassa. Silabasi ya pulayimale ya 2004 inapatula magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira kuti akhale a nzeru za m'deralo. Motero mphunzitsi wa ku Metangula kapena Meluluca ayenera kufunsa asodzi za mphepo ya mwera ndi nyengo ya usipa, amayi za kuviika chinangwa cha kondowole, ndi mafumu za mbiri ya mudzi. Pano eni nzeruzo ndiwo amatha kunena ngati walemba zoona.

Mu 2005 John Furlong ndi Alis Oancea a ku Oxford anaonetsa kuti kafukufuku wotere sayesedwa ndi chinthu chimodzi: amaona kudalirika kwa njira yofufuzira, phindu lake pa ntchito, mmene amakulitsira luso la anthu okhudzidwa, ndi ngati phindu lake likulingana ndi ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito. Mbiri ya Lago ili ndi mayeso ofanana ndi amenewa, obwera nthawi zosiyana. Woyendera sukulu amaona ngati ana aphunzira, wowerenga amaona umboni, mphunzitsi mnzake amayesa njirayo m'kalasi mwake, ndipo mudzi umatsimikiza kuti mawu ake sanapotozedwe.