Masiginecha 12, ndi funso la amene aloledwa kulowa

Kuti mutsegule nthambi ya IEEE Consumer Technology Society m'tauni yanu, lamulo lifuna masiginecha a mamembala 12 chabe. Limeneli ndi bungwe la mainjiniya a zinthu zamagetsi zimene tisewenzetsa m'nyumba ndi kuyenda nazo m'thumba, monga ma TV, mawailesi, masipika, madekoda ndi mafoni. Mpaka mu 2020 linali kudziwika ndi dzina lakuti Consumer Electronics Society. Anthu 12 sadzaza ngakhale minibasi imodzi yopita ku Matero, ndiye ena akamva nambala imeneyi angaseke kuti kagulu kotere kangachite chiyani. Koma IEEE yonseyo, imene lero ili ndi mamembala oposa 400,000 padziko lonse, muzu wake umodzi ndi tumagulu tuwiri tumene tunatsala pang'ono kufa kamba kosowa anthu.

Mu 1907 ku Boston, m'dziko la America, John Stone Stone (inde, dzina lake linali lobwereza choncho) anayambitsa Society of Wireless Telegraph Engineers. Nthawi imeneyo wailesi sinali yomvetserapo nyimbo. Inali yotumizira mauthenga a Morse, makamaka pakati pa sitima za panyanja ndi anthu a kumtunda. Poyamba kabungwe ka Stone kanali kulandira okhawo osewenza pa kampani yake. Pambuyo pake chitseko anachitsegulako pang'ono, koma kampaniyo itagwa ndipo anthu atabalalika kukafuna nchito kwina, kabungwe nako kanafota. Ku New York, Robert Marriott anayambitsa The Wireless Institute mu 1909, yotsegukira aliyense wokonda za wailesi. Iyi inakula msanga kufika pa mamembala pafupifupi 100, koma pofika mu 1912 anatsala osakwana 30.

Marriott, Alfred Goldsmith ndi John Hogan anaona kuti tumiphika tuwiri topanda ndiwo situthandiza munthu. Pa 13 May 1912, pa Columbia University, magulu awiriwa anaphatikizana kupanga Institute of Radio Engineers, mwachidule IRE, ndi mamembala 46. Panali patangopita mwezi umodzi kuchokera pamene sitima ya Titanic inamira, ndipo anthu pafupifupi 700 amene anapulumuka anapulumuka chifukwa sitima ya Carpathia inamva kuitana kwawo pa wailesi. Dziko linali litadzidzimuka kuti kanthu aka si choseweretsa cha anyamata okonda mawaya.

Chimene IRE inayamba nacho sichinali chapamwamba. Anayamba ndi kugwirizana pa mawu. Kampani iliyonse inali ndi dzina lakelake la chida chimodzimodzi, moti mainjiniya awiri anali kukangana tsiku lonse osadziwa kuti akamba za chinthu chimodzi. Mu 1913 komiti yawo inatulutsa ndandanda ya matanthauzo ndi zizindikiro. Chaka chomwecho anayamba kusindikiza magazini ya Proceedings, imene Goldsmith anakhala mkonzi wake zaka zoposa 40. M'dzina la bungwe anasiyamo dala liwu lakuti American, pofuna kuti wa dziko lililonse alowe. Ndipo m'malo mouza aliyense kuti azibwera ku New York, analola nthambi kutseguka kumene anthu ali: Washington, Boston, Seattle, kenaka Toronto ndi Buenos Aires. Kuyambira mu 1948 analolanso timagulu ta maluso osiyanasiyana mkati mwa bungwe, ndipo kamodzi mwa ito, ka mainjiniya opanga mawailesi ndi ma TV a m'nyumba, ndiko kholo la Consumer Technology Society ya lero. Mu 1963 IRE inaphatikizana ndi American Institute of Electrical Engineers, bungwe lakale la mu 1884, ndipo IEEE inabadwa.

Zaka zomwezo zimene IRE inali kukula, kuno kwathu kunachitika chinthu chimene mbiri ya zamagetsi mu Africa siingachilumphe. Wailesi ya ku Lusaka inayamba kuulutsa mawu mu 1941, nkhondo yachiwiri ili mkati, ndipo pambuyo pake inakhala Central African Broadcasting Service, youlutsira anthu akuda a mu Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo zawo, kuphatikizapo Chinyanja. Vuto linali lakuti omvera analibe pomvera. Mawailesi a nthawiyo anali odula, ndipo ambiri anali kufuna malaiti, amene m'midzi ndi m'makomboni munalibe. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anatha zaka pafupifupi zitatu akugogoda pa makampani kufuna wailesi yotsika mtengo ya batire. Pothera pake kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera.

Wailesiyo inafika mu 1949 ndi dzina lakuti Saucepan Special, chifukwa chikwama chake chinali chozungulira ngati poto wa aluminiyamu wopanda chogwirira. Inali ya buluu, ya ma valve anayi, yogwira shortwave. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lalikulu, limene wailesi inali kukhalapo pamwamba, linali mashilingi 25 ndipo linali kutha pambuyo pa maola pafupifupi 300. M'mabowo ake munali kansalu ka waya kotsekereza tizilombo kuti tisamangemo nyumba. Inagulidwa kwambiri, ndipo ndi m'kapoto kameneka mmene agogo athu anamvera mawu ndi gitala ya Alick Nkhata. Peter Fraenkel, amene anasewenza pa siteshoniyo, analemba za nthawi imeneyi m'buku lake la Wayaleshi la mu 1959.

Taonani bwino nkhani ya kapotoka. Chilichonse pa iko chinayankha funso la kuno: kulibe malaiti, ndalama n'zochepa, kuli fumbi, kutentha ndi tizilombo, ndipo midzi ili kutali ndi siteshoni. Koma amene anayankha mafunsowo anakhala ku Britain, ndipo nzeru ya mmene anayankhira inatsala komweko. Ife tinalandira chopangidwa kale. Boma la atsamunda nalo linali ndi cholinga chake, chakuti uthenga wake ufike m'nyumba za anthu, ndipo sitiona kuti kuphunzitsa mwana wa m'komboni kupanga wailesi kunali pamtima pawo. Ngakhale zinali tero, wailesi ikafa siinali kubwerera ku London. Wina kuno anaitsegula, naphunzira kusiyanitsa valve yakufa ndi waya wothothoka, ndipo nchito ya okonza mawailesi inazika mizu.

Mabungwe a akatswiri analipo. Limene lero titcha Engineering Institution of Zambia linayamba mu 1955, nthawi imene uinjiniya m'dziko lino unali kuzungulira pa migodi ya mkuwa, ndipo mainjiniya a mapepala anali pafupifupi onse azungu. TV inayamba ku Kitwe mu 1961. University of Zambia inatseguka mu 1966, ndipo patapita zaka zochepa inayamba kuphunzitsa mainjiniya athuathu. Ku Livingstone kunali fakitale ya ITT Supersonic yolumikiza mawailesi ndi ma TV, ndipo m'nyumba zina wailesi ya Supersonic ikali pa kabati, yovekedwa kansalu koluka. Fakitaleyo manje kulibe. Amene anasewenzamo anali kudziwa kuwotcherera, kuyesa ndi kupeza vuto pa bolodi, koma kampani ikatseka, nzeru zimene zinali kukhala mkati mwa mpanda wake zimabalalika monga zinabalalikira za kabungwe ka Stone ku Boston.

Amene sanabalalike ndi okonza. Anachoka pa valve kupita pa transistor, pa makaseti ndi ma VCR, pa ma TV a chimimba, mpaka pa mafoni. Pitani ku Katondo Street kapena ku City Market mukaone mnyamata akusintha sikirini kapena pochajira pa tebulo laling'ono ngati thireyi, anthu akumupsinja mbali zonse. Ambiri anaphunzira kwa amalume, kwa bwana wa shopu kapena pa YouTube, ena ndi a satifiketi za TEVETA. Mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kubwera maola ochepa chabe patsiku, ndiwo anali kudziwa invata imene ipirira ndi imene ipsa sabata yoyamba, batire ya sola imene inama pa chizindikiro chake, ndi chifukwa chake ma TV anali kufa malaiti akabwera mwamphamvu. Ife a pa mawailesi a m'madera tiwadziwa bwino anthu amenewa, pakuti mixer ikazima pakati pa pulogalamu, ndiwo timawaimbira foni. Koma zimene adziwa zilibe polembedwa. Wa ku Chawama akapeza njira yokonzera dekoda ya mtundu wina, wa ku Kapata ku Chipata adzavutika nayo yekha mpaka aipeze payekha, ndipo ena amabisa dala poopa kuti mnzawo awalanda makasitomala.

Apa ndipo pali funso kwa ophunzira a ku UNZA, CBU, Evelyn Hone kapena NORTEC amene angaganize zosonkhanitsa masiginecha 12 aja. IEEE ili kale ndi Section ya Zambia, ndipo nthambi yatsopano ingakhale pansi pa iyo. Osaina afunika kukhala mamembala olipira, ndalama yake ndi ya madola ngakhale kuti a m'maiko osauka amachotseredwako, ndipo umembala wathunthu ufuna digiri kapena zaka zingapo za maphunziro ndi nchito. Malamulo amenewa sitingawasinthe kuno. Koma palibe choletsa nthambi kuitana anthu osakhala mamembala ku misonkhano yake, ndipo lamulo la EIZ la mu 2010 lizindikira kale matekinishani ndi amisiri pamodzi ndi mainjiniya. Nthambi imene idzakumana mu hotela Lachitatu m'mawa, m'Chingelezi chokhachokha, idzakhala ya anthu 12 omwewo mpaka atatopa. Mnyamata wa ku Katondo sangatseke tebulo lake nthawi imeneyo. Angabwere pa Sondo masana, m'kalasi yobwereka pa koleji, ngati auzidwa kuti abwere ndi bolodi limene lamukanika ndipo aloledwa kulifotokoza m'Chinyanja kapena m'Chibemba, wina n'kulemba zimene zapezeka kuti wa ku Chipata akaziwerenge pa foni yake Lolemba.