Khoma la Chambe: mbiri ya okwera matanthwe pa Mulanje

Kukacha kopanda chiperoni, wothyola tiyi m'minda ya kwa Nchilamwela ku Thyolo akadzutsa mutu amaona phiri la Mulanje litatchinga kum'mawa. Alendo ambiri amangolijambula n'kupitiriza ulendo. Koma alipo ena amene amadutsa msewu wa Thyolo atanyamula zingwe, zipewa zolimba ndi nsapato zothina za mphira kunsi. Amenewa cholinga chawo ndi thanthwe la Chambe.

Phiri la Mulanje linakweredwa kalekale ndi eni dera. Alenje, ofula njuchi, asing'anga ofuna zitsamba ndi okapereka nsembe kwa mizimu ndiwo anaponda njira zoyambirira. Nsonga yaitali kuposa zonse, ya mamita 3,002, anaitcha Sapitwa poilemekeza, ndipo mpaka lero akuluakulu amalangiza kuti ukapeza chakudya m'phirimo udye wekha osaitana mnzako.

Azungu anayamba kulemba za phirili m'zaka za m'ma 1800. Mu 1891, Alexander Whyte anakwera kukasonkhanitsa zomera, ndipo dzina la sayansi la mkungudza wa Mulanje linachokera kwa iye. Boma la atsamunda linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo ogwira ntchito zankhalango anamanga tinyumba pamwamba. Ocheka matabwa ankatsika m'njira zoterera atasenza matabwa ataliatali pamutu, ambiri opanda nsapato. Mu 1949 mkulu wina wa zankhalango, Fred France, anafa powoloka mtsinje wosefukira ali pa ulendo ndi Laurens van der Post, yemwe anafotokoza za imfayi m'buku lake la Venture to the Interior. Bukuli linatchukitsa Mulanje kunja.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kunabadwa bungwe la okonda mapiri lomwe lero ndi Mountain Club of Malawi. Mamembala ake, ambiri ochokera ku Blantyre ndi m'maesiteti a tiyi, anayamba ndi kuyenda m'njira za ocheka matabwa, kenaka maso awo anatembenukira ku matanthwe.

Thanthwe lakumadzulo kwa Chambe ndi lotalika pafupifupi mamita 1,700, ndipo ambiri amati palibe khoma lina mu Africa lolipambana. Lili ndi zigawo ziwiri, pakati pake pali malo otakasuka omera tchire. Mwala wake ndi wosalala, ming'alu yolowetsamo zitsulo zotetezera ndi yochepa. Wokwera amadalira kuti mphira wa nsapato ugwire mwala, ndipo nthawi zina amagwirira timitengo ndi zitsotso za udzu zomera pathanthwepo, osadziwa ngati mizu yake ipirire. Dzuwa lamasana likaomba, mwala umatentha ngati chiwaya, madzi akumwa n'kukhala amene wanyamula okha.

Mu 1977, Frank Eastwood ndi Ian Howell, katswiri wodziwika pa mapiri a ku Kenya, anakwera khomali molunjika kuchoka pansi mpaka pamwamba. Mu 1979 Eastwood anatulutsa buku la Guide to the Mulanje Massif, lomwe alendo akhala akulidalira kwa zaka zambiri. Ngakhale zili choncho, ndi ochepa amene anabwerezapo njira yawoyo, chifukwa imafuna masiku, mtima wolimba ndi nyengo youma ya pakati pa Meyi ndi Okutobala.

Phirili silinyengereredwa. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anafera pafupi ndi Sapitwa atapitirira yekha popanda womulondolera. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mbali zina za phiri n'kukokolola midzi. N'chifukwa chake mlendo wanzeru amayambira pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, kulembetsa dzina ndi kutenga womutsogolera, asanalowere ku tinyumba ta Chambe, Lichenya, Thuchila kapena Chisepo.

Mbiri yolembedwa ili ndi mayina a alendo, koma mwendo umene wanyamula ntchitoyi ndi wa anyamata a ku Likhubula ndi midzi yozungulira. Iwo ndiwo amasenza zikwama, amadziwa mtambo wobweretsa mvula, amasaka otayika. Mpikisano wa chaka ndi chaka wa Porters Race unayambira pa iwowa, ndipo aliyense woonerera amadziwa kuti mphamvu ndi luso zilipo. Chimene chinkasowa ndi zingwe ndi maphunziro, zomwe mtengo wake wakhala wosafikirika.

Zinthu zayamba kusintha. Bungwe la Climb Malawi ku Lilongwe likuphunzitsa achinyamata, atsikana omwe, kumanga mfundo, kuteteza mnzawo pa chingwe ndi kutsegula njira zatsopano. Mu 2025 UNESCO inaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Ntchito yatsala ndi yoti maphunziro otere afike ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, kuti mlendo wofuna Chambe azipeza mwana wa kuno wodziwa kutsogolera chingwe, wolipidwa monga katswiri, osati wonyamula katundu chabe.