Mwana Aliyense Ali ndi Dzina: Mbiri ya Kuteteza Ana pa Nthawi ya Ngozi ku Gombe la Salima

Bismillahir Rahmanir Rahim.



Ramadan ndi mwezi umene manja athu amafewa. Matumba a ufa, mpunga, shuga ndi mafuta ophikira amafika m'mizikiti yathu kuyambira ku Chipoka mpaka ku Senga Bay ndi Lifuwu, ndipo oyamba kuitanidwa amakhala ana amasiye. Allah awalipire zabwino onse operekawo. Komatu thumba la ufa silifunsa kumene mwanayo akagone, silidziwa ngati anasiya sukulu, ndipo siliona ngati amene wamulandirira katunduyo ndi yemweyo amamuzunza. Mbiri ya gombe lathu lino ikutiphunzitsa kuti chakudya chimagawidwa kwa gulu, pomwe mwana amapulumutsidwa payekhapayekha ndi munthu womudziwa dzina, amene amabweranso kudzamuona.

Ana amene anataya mayina awo

Tiyambe ndi nthawi yowawa imene sitiyenera kuibisa. M'zaka za m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota, kumpoto kwa kuno, ndipo zombo zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, kumene kunkayambira ulendo wapansi wa ku Kilwa. Pakati pa akapolowo panali ana: ena ogwidwa pa nkhondo, ena operekedwa ngati chikole cha ngongole kapena cha chakudya pa nthawi ya njala. Ena mwa ochita malondawa ankaswali ngati ife, ndipo zimenezi tizinene poyera. Mwana akaoloka nyanja ankataya dzina lake, dzina la mudzi wake ndi la amalume ake, kotero kuti ngakhale womufunafuna sakanadziwa pofunsira. Malondawa anathetsedwa m'zaka za m'ma 1890, koma ambiri mwa ana aja sanabwererenso kwawo.

Chikhalirecho chitsanzo china tinali nacho kale. Zaid bin Haritha (RA) anabedwa ali mwana nagulitsidwa pa msika wa Ukaz, ndipo pambuyo pake Mayi Khadija (RA) anamupereka kwa Mtumiki Muhammad (SAW). Bambo ake sanaleke kumufunafuna mpaka anamupeza ku Makkah. Mtumiki (SAW), amene nayenso anakula wamasiye, sanamugamulire Zaid. Anamufunsa kumene akufuna kukhala, ndipo iye anasankha kutsala. Anthu anayamba kumutchula ndi dzina la Mtumiki mpaka Surah Al-Ahzab inalamula kuti ana oleredwa azitchulidwa ndi mayina a bambo awo. M'nkhani imodzi yomweyi muli zinthu zitatu zimene ogwira ntchito yoteteza ana amaphunzitsidwa lero: kufufuza abale, kumva maganizo a mwana, ndi kumusungira dzina lake.

Pamene mbumba inalemedwa

Kwa Achewa ndi Ayao mwana ndi wa mbumba. Mayi akamwalira, amayi aang'ono, agogo ndi amalume ankadziwa udindo wawo popanda kalata ya boma. Dongosololi limagwira bwino tsoka likagwera nyumba imodzi. Likagwera mudzi wonse nthawi imodzi, olera nawonso amasowa wowalera.

Tinaziona kuyambira 1986, pamene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anayamba kulowa mwaunyinji m'maboma a m'malire monga Dedza, Ntcheu, Mangochi ndi Nsanje, mpaka anapitirira 1 miliyoni. Ana ambiri anafika opanda makolo, ena atatoledwa panjira ndi mabanja osawadziwa. Mabungwe monga Red Cross ndi Save the Children ankalemba dzina la mwana aliyense, mudzi wake ndi abale amene akuwakumbukira, n'kumujambula, n'kutumiza uthengawo m'misasa ina ndi kutsidya la malire. Pepala lija ndi limene linkabwezera mwana kwa mayi wake.

Kenaka tsoka linafika pakhomo pathu. Usiku wa pa 10 Malichi 1989 chivomezi chinagwedeza Salima ndi madera oyandikana nawo. Anthu 9 anamwalira, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Patangopita milungu inayi Ramadan inayamba. Chaka chomwecho, pa 20 Novembala, United Nations inavomereza pangano la ufulu wa ana, limene Malawi analowamo mu 1991. Ophunzira athu adziwe kuti ndime 20 ya panganolo imatchula kafalah ya m'malamulo a Chisilamu ngati njira imodzi yolerera mwana wopanda banja.

Edzi, imene inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndiyo inafoola mbumba kwambiri, chifukwa inkatenga anthu a msinkhu wolera n'kusiyira agogo zidzukulu zodzaza bwalo. Boma linazindikira kuti chifundo chokha sichikukwanira. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Child Care, Protection and Justice Act, limene limaletsa kuzembetsa ana, kuwakakamiza ukwati, komanso kupereka mwana ngati chikole cha ngongole, mchitidwe uja unadzaza zombo za makedzana. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 akhale mwana.

Momwe nkhani ya mwana imalondolozedwera

Mu Januwale 2015 madzi anasefukira, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, Salima ili m'gulumo. M'dziko lonse anthu pafupifupi 230,000 anasamuka m'nyumba zawo, ambiri n'kukakhala m'makalasi a sukulu. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 kummwera. M'msasa wotere zoopsa za mwana sizithera pa njala. Mtsikana amagona chipinda chimodzi ndi amuna achilendo. Wogawa chakudya angathe kufuna malipiro a thupi. Mnyamata amasiya sukulu n'kupita kudoko kukakoka makoka. Kholo losowa pogwira limavomera ukwati wa mwana wa sitandade 7, kapena kumupereka kwa mlendo wolonjeza ntchito ku Lilongwe.

Njira imene a ofesi ya Social Welfare ndi ogwira ntchito yoteteza ana m'midzi amatsata amaitchula kuti case management, kutanthauza kulondoloza nkhani ya mwana mmodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Choyamba amamuzindikira ndi kumulemba. Kenaka amafufuza: amacheza ndi mwanayo pamalo poduka mphepo, amaona pakhomo, amamva kwa aphunzitsi ndi amfumu. Akatero amapanga dongosolo pamodzi ndi mwanayo ndi omulera, lonena chochita, wochita ndi tsiku lake. Pamenepo amamutumiza koyenera: kuchipatala, kusukulu, ku Victim Support Unit ya polisi kapena kukhoti la ana. Mwana wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV. Gawo lovuta kwambiri ndi kubwereranso, sabata ndi sabata, mwezi ndi mwezi, panjinga, m'matope, kukaona ngati zolonjezedwa zija zachitika. Fayilo imatsekedwa pokhapokha mwanayo akakhala pabwino.

Ntchitoyi ilibe chithunzi choonetsa. Lamulo lake lalikulu ndi kusunga chinsinsi, ndipo lachiwiri ndi lakuti mwana akhale m'banja, makamaka la abale ake, osati kuthamangira naye kunyumba yosungirako ana.

Gawo lathu

Mwalimu wa pa madrassa amaona ana tsiku ndi tsiku, ndipo ndiye woyamba kudziwa amene wasowa. Amayi a Dawah amalowa m'makomo mmene bwana wa kuboma sangafike. Komiti ya pa mzikiti imene ili ndi mndandanda wa olandira futari ingathenso kusankha munthu wokhulupirika woyendera mwana aliyense pambuyo pa Eid. Nkhani ya nkhanza tisaithetsere pansi pa mtengo poopa kuchititsa manyazi banja. Tiimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana imene imayendetsedwa ndi YONECO, kapena tipite ku Social Welfare ndi kupolisi. Mlendo akafuna kutenga mwana, ngakhale atanena kuti akukamuphunzitsa Deen, tidziwe kumene akupita naye ndipo amfumu adziwe. Ndipo tileke kuika nkhope za ana amasiye pa Facebook ndi WhatsApp atanyamula matumba athu. Qur'an yolemekezeka, mu Surah An-Nisa, imafuna mboni ngakhale pobweza chuma cha mwana wamasiye. Ngati chuma chake chikufunika kulondolozedwa chotero, nanga mwiniwakeyo?

Allah alandire kusala kwathu ndi sadaka zathu, ateteze ana a m'mbali mwa nyanja ino ku madzi, ku njala ndi ku manja oipa, ndipo atipange kukhala anthu obwereranso kukawaona. Ameen.