Sukulu ya Ojambula pa Msika Wakale wa Johannesburg

Mu mzinda wa Johannesburg, uja anthu a ku Malawi amaucha kuti Joni, muli dera lochedwa Newtown. Kumeneko kunali msika waukulu wa zipatso umene unamangidwa m'caka ca 1913. Msikawo utasamuka, Mannie Manim ndi Barney Simon anasandutsa nyumbayo kukhala malo a masewero m'caka ca 1976, naicha Market Theatre. Ndipo m'menemo anthu akuda ndi Azungu ankakhala pa mipando yogundizana, cinthu cimene Boma la tsankho silinkacifuna. Pansi pa bungwe la nyumba imeneyi ndi pamene panabadwira sukulu ya ojambula zithunzi yochedwa Market Photo Workshop, m'caka ca 1989.

Sukuluyi isanakhale, munthu wakuda wofuna nchito ya kamera analibe khomo lolowera koma la kuseri. Peter Magubane analowa ku magazini ya Drum monga woyendetsa galimoto ndi mtumiki, ndipo anaphunzira kujambula pakuonerera ena. Ernest Cole anafika komweko m'caka ca 1958, nathandiza Jürgen Schadeberg nchito zazing'ono kufikira manja ace atazolowera. Kuphunzira kotero kunali kwa mwai, pakuti wopanda womdziwa anatsala kunja. Ndipo iwo amene analowa analipira mtengo wowawa. Magubane anatsekeredwa m'cipinda ca yekha masiku 586. Cole anathawa m'dziko m'caka ca 1966, ndipo buku lace la zithunzi, House of Bondage, linaletsedwa kwao. Sam Nzima, amene pa 16 June 1976 anajambula mnyamata Hector Pieterson atanyamulidwa ataomberedwa ku Soweto, anabisa filimu m'sokosi kuti apolisi asailande. Cithunzico cinazungulira dziko lonse lapansi, koma mwini wace anasautsidwa mpaka analeka nchito nabwerera kumudzi, ndipo ufulu wa umwini wa cithunzico anaulandira m'caka ca 1998, patapita zaka 22.

Mu November 1985 Boma linaletsa kujambula zipolowe m'madera amene munali lamulo la nthawi ya ngozi. Apa zinaoneka poyera kuti olamulira analikuopa kamera monga momwe amaopera mfuti.

Munthu amene anayambitsa sukuluyi ndiye David Goldblatt. Iye anabadwa m'caka ca 1930 ku Randfontein, mudzi wa migodi ya golide, ndipo anakula akuona amuna ocokera kutali, ena a iwo a ku Nyasaland obwera ndi Wenela, akutsikira pansi pa nthaka. Anayamba wagulitsa zobvala m'sitolo ya atate wace, koma iwo atamwalira anaigulitsa nadzipereka ku kamera. Goldblatt sanali wothamangira kumene kukulira mfuti. Iye anakonda kujambula zinthu zofatsa zimene zimabala zipolowezo: anthu a KwaNdebele akuodzera m'basi usiku wathunthu popita ku nchito ku Pretoria, nyumba zogonamo anthu a pa mgodi, Azungu a ku Boksburg akukhala mwamtendere ngati kuti kulibe kanthu. Maganizo ace anali akuti munthu aphunzire kuwerenga cithunzi monga awerengera kalata, ndi kuti luso limeneli lifike kwa iwo amene malamulo a maphunziro, monga Bantu Education Act ya 1953, anawamana dala.

Cotero sukuluyi inaphunzitsa dzanja ndi diso pamodzi. Za dzanja nzosabvuta kuzinena: kuyesa kuwala, kutsuka filimu m'cipinda camdima, kusindikiza pa pepala. Koma za diso zinafuna bwalo. Wophunzira akabwera ndi zithunzi zace ankaziyala pamaso pa anzace ndi aphunzitsi, ndipo anayenera kuyankha cifukwa cace anaima pamene anaima, cimene anasiya kunja kwa cithunzi, ndiponso ngati munthu wojambulidwayo anabvomera. M'kupita kwa zaka sukuluyi inakhala ndi cipinda cace coonetseramo zithunzi, cimene munthu aliyense angalowemo; ndipo pa zionetsero zace ojambula amayenda ndi alendo kucokera pa cithunzi cina kufika pa cina, akufunsidwa ndi kutsutsidwa. Nkhani za malo, za umphawi, za obwera ocokera ku maiko ena, za nkhanza kwa akazi, zonsezi zimalowa m'bwalomo kudzera pa khoma. Ubwino wa bwalo lotere ngwakuti cithunzi ciri pomwepo, ndipo wokamba sangathe kuthawira m'mau okoma.

Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Cipinda cophunziriramo sicingaphunzitse munthu kufika pa maliro a anthu osamdziwa, kapena kubwera ndi cithunzi nthawi ya makina osindikizira isanakwane. Izi zimaphunziridwa ku nyuzipepala, pansi pa mkonzi wosaleza mtima. Jodi Bieber anayenda njira imeneyi: atacita maphunziro afupi ku Market Photo Workshop, analowa ku nyuzipepala ya The Star m'caka ca 1993 kukazolowera nchito pansi pa Ken Oosterbroek. Mphunzitsi waceyo anaomberedwa nafa ku Thokoza pa 18 April 1994 ali ndi kamera m'manja, kutatsala masiku 9 kuti cisankho coyamba ca anthu onse cicitike. M'caka ca 2005 sukuluyi inakhazikitsa maphunziro a caka cathunthu a ojambula za nkhani, mothandizidwa ndi kampani ya Getty Images, ndipo mbali yina ya maphunzirowo inali kutumiza wophunzira kukagwira nchito pakati pa atolankhani. Tsono khomo lakuseri lija, limene Magubane analowera mwa mwai, linasanduka khomo lakumaso.

Ena anayesa kuti tsankho likatha mikangano ya zithunzi idzathanso. Sizinatero konse, ndipo ina inakula kubvuta kwace, popeza mdani sanalinso mmodzi wodziwika kwa onse. Zanele Muholi, amene anatsiriza maphunziro pa sukuluyi m'caka ca 2003, anayamba kujambula akazi akuda okondana ndi akazi anzao, anthu amene malamulo atsopano a dzikolo anawateteza pa pepala koma m'makwalala analikumenyedwa ndi kuphedwa. M'caka ca 2009 nduna ya za luso ndi cikhalidwe, Lulu Xingwana, inaturuka m'cionetsero ca ku Constitution Hill itaona zithunzi za Muholi, niiti nzonyansa. Nkhaniyo itamveka, anthu anakangana kwambiri za malire a ufulu wa wojambula, ndipo nduna ya Boma la ufulu inapezeka itaima pamalo pamene kale pankaima oletsa mabuku.

Mu May 2008 kunabuka ciwawa cothamangitsa alendo, ndipo anthu 62 anafa. Ambiri a ku Mozambique, Malawi ndi Zimbabwe anathawa kusiya katundu wao. Nyuzipepala zinaika pa tsamba loyamba cithunzi ca mwamuna wa ku Mozambique akupsa ndi moto. Ena anati nkucotsa ulemu wa wakufa ndi kulasa abale ace kaciwiri. Ena anati popanda cithunzico dziko likadapitirira kugona. Bieber nayenso anakumana ndi funso la mtundu womwewo. Cithunzi cace ca mtsikana wa ku Afghanistan wodulidwa mphuno cinakhala pa cikuto ca magazini ya Time m'caka ca 2010, ndipo cinalandira mphotho yaikulu ya World Press Photo m'caka cotsatira. Koma panali odandaula kuti mau amene akonzi anaika pambali pace anasandutsa nkhope ya mtsikanayo kukhala cifukwa copitirizira nkhondo. Wojambula ali ndi mphamvu pa kamera yace, koma pa mau a mkonzi mphamvu yace njocepa, ndipo wophunzira amene wakhalapo m'nyumba ya nyuzipepala amadziwa zimenezi msanga.

Goldblatt mwini sanaleke kutsutsa ngakhale atakalamba. M'caka ca 2011 anakana ulemu wa Order of Ikhamanga umene Boma linafuna kumpatsa, cifukwa ca lamulo lobisa zinsinsi za Boma limene aphungu analikulikambirana. M'zaka zomwezo nyuzipepala za pepala zinayamba kucepa malonda cifukwa ca intaneti, ndipo malo a ojambula olembedwa nchito anacepa nao, kotero kuti ambiri otsiriza maphunziro anayamba kudziimira okha kapena kuloza ku zionetsero. Goldblatt anamwalira pa 25 June 2018. M'caka comweco bungwe la Prince Claus Fund la ku Netherlands linapereka mphotho yace yaikulu kwa Market Photo Workshop, ndipo inalandiridwa ku Amsterdam mu December.