Kodi nsato ili ndi miyendo?

FUNSO: Tikumweta udzu wofolerera chigafa kudambo, tidapeza nsato itafa ndi moto wolusa. Titaitembenuza tidaona tizikhadabo tiwiri chakumchira. Anzanga akuti n'zamatsenga. Kodi timeneti n'chiyani?
Mlimi wa fodya, Kaluluma, Kasungu

YANKHO: Bambo, mtima m'malo, matsenga palibe. Nsato iliyonse ili nato, ndipo ta yaimuna timakhala tokulirapo. Mukadaitumbula mukadapeza kuti kachikhadabo kalikonse kalumikizana ndi tifupa ta ntchafu ndi m'chiuno tobisika m'mnofu. Imeneyo ndi miyendo yakumbuyo imene idafota.

Makolo akalekale a njoka adali abuluzi oyenda ndi miyendo inayi. Ku Argentina kudafukulidwa mafupa a njoka yotchedwa Najash, imene akatswiri adailengeza mu 2006. Idakhalako zaka pafupifupi 90 miliyoni zapitazo, ndipo miyendo yake yakumbuyo idali ikadalipo. Kwa nyama yokwawa m'mauna, miyendo imangopinga, motero zofupika miyendo ndizo zinkapulumuka n'kuswana, mbadwo ndi mbadwo.

Chimene chimandigwira mtima ine chili m'dzira. Mu 2016 ofufuza a pa University of Florida adaonetsa kuti kamwana ka nsato kamayamba ndithu kuphuka miyendo, koma chibadwa chimene chimalamula kuti ikule chimazima msanga, ntchito n'kuthera panjira.

Charles Darwin adalemba za ziwalo zotsalira zotere mu 1859, ndipo mu 1893 Robert Wiedersheim adawerenga 86 m'thupi la munthu. Zambiri mwa izo zidadzapezeka kuti zili ndi ntchito. Apa mpomwe ambiri amasokonezeka: kutsalira sikutanthauza kupanda ntchito. Nsato yaimuna imakanda yaikazi ndi tizikhadabo tija nthawi yokwerana. Nanunso muli ndi kafupa kumapeto kwa msana, kotsalira ka mchira, ndipo kamagwira minofu ya m'chiuno. Tsembwe limene mumachita m'mawa wa Juni linkaimitsa ubweya wa makolo athu kuti afundidwe. Ngakhale mfuko imene imakudyerani mbatata ili ndi timaso tongosiyanitsa kuwala ndi mdima.

Pempho langa ndi ili: mukadzaona nsato yamoyo musaiphe, komanso musaigwire kuti muone miyendoyo. Ilibe ululu koma imaluma koopsa, ndipo imatithandiza kudya makoswe. Ikafika pafupi ndi khola, dziwitsani alangizi a zanyama zakutchire a ku Kasungu National Park.