Utoto wa m'makungwa ndi m'matope: mbiri ndi kapangidwe kake ku Nkhotakota

Nsalu za m'sitolo zisanafike m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, anthu a ku Nkhotakota, monganso a madera ena ambiri, ankavala zikopa ndi chiwondo. Chiwondo ndi nsalu yochokera ku khungwa la m'kati la mitengo monga mombo ndi kachere. Khungwalo ankalifewetsa m'madzi, kenaka n'kumalimenya ndi kamtengo kolemera kufikira litatambasuka.

Mwachilengedwe chiwondo chimakhala chofiirira. Wofuna chakuda ankachikwirira m'matope akuda a m'dambo. Akatswiri a sayansi amafotokoza kuti m'makungwa muli mankhwala otchedwa tannin, omwe akakumana ndi chitsulo chopezeka m'matope amasanduka akuda ndipo amakanirira pansalu. Nawo utomoni wa mlombwa, womwe umaoneka ngati magazi, ndi utoto wofiira wodziwika kuyambira kale.

Zinthu zidayamba kusintha m'zaka za m'ma 1840 pomwe Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota ndi kutsegula malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Amalonda ochokera kugombe la nyanja ya Indian Ocean ankabweretsa merikani, nsalu yoyera ya thonje ya ku America, komanso kaniki wa ku India, wonyikidwa mu utoto wa masamba a chomera cha indigo. Nayenso kaniki adali wa utoto wachilengedwe. Utoto wa m'fakitale udayamba mu 1856 pomwe William Perkin wa ku England adatulukira woyamba, ndipo pofika 1897 kampani ya BASF ya ku Germany idayamba kugulitsa indigo wopangidwa ndi mankhwala. M'dziko muno fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre idachulukitsa zitenje, kenaka kaunjika adadzadza misika.

Kwa telala kapena mayi wosoka zovala zochepa pakhonde, luso lakaleli likadali lotheka ndipo silifuna mpamba waukulu. Choyamba ndi kusankha nsalu. Utoto wa zomera umagwira pa thonje, ubweya wa nkhosa ndi silika, koma sugwira pa polyester, yemwe ndi wochuluka m'zovala za kaunjika. Nsaluyo iyenera kuchapidwa bwino m'madzi otentha kuti mafuta ndi zokhutharitsa za kufakitale zichoke.

Kenaka amawiritsa zopangira utoto, kusefa madzi ake ndi kuviikamo nsalu uku akutakasa kuti mtundu ulowe mofanana. Makoko a anyezi amatulutsa chikasu, nthanga za mapeyala zimatulutsa mtundu wofiirira pang'ono, pomwe makungwa amapereka mtundu wa dothi la katondo. Madzi oviikamo misomali yadzimbiri amadetsa mitundu imeneyi monga momwe matope a m'dambo ankachitira. Kuti utoto usasuluke msanga, ambiri amayamba aviika nsalu m'madzi a alamu. Poto wa ntchitoyi asaphikiremonso chakudya, ndipo chovalacho chiyanikidwe pamthunzi.

Vuto lalikulu lagona pa mitengo. Mtengo wosendedwa khungwa mozungulira thunthu lonse umauma, chifukwa njira yomwe chakudya chimatsikira kumizu imakhala yaduka. Nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, yomwe kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800 ndipo yakhala m'manja mwa African Parks mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, ndi ya mitengo ya miombo yomweyi, ndipo kusendamo makungwa popanda chilolezo ndi mlandu. Kunja kwa nkhalangoyi mitengoyi yachepa kale kaamba ka makala, nkhuni ndi matabwa. Choncho wopanga utoto atole makungwa a mitengo yogwa kale, masamba ndi zotsala za kukhitchini, osati kusenda mtengo wamoyo.

Ku Uganda, komwe nsalu ya khungwa idazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, amisiri akasenda mtengo wa mutuba, wamtundu wa kachere, amakulunga thunthu ndi masamba a nthochi kuti khungwa limerenso. Motero mtengo umodzi umawapatsa nsalu chaka ndi chaka kwa zaka zambiri.